Nsenjere ya Kuseri kwa Bafa

Ndisanayambe ndifuna nditchule mboni zanga, chifukwa ndikudziwa kuti inu ana anga mumatsinana pansi pa tebulo ndikamalankhula. Mboni yoyamba ndi a Matola, amene anali dalaivala pa siteshoni yathu ya kafukufuku wa zomera kuno ku Zomba. Iwowa anatisiya, koma ali moyo sanatsutsepo mawu anga ndi amodzi omwe, ndipo chiwaikireni m'manda sanatsutsebe. Yachiwiri ndi Dokotala Nyirongo, bwana wanga wamkazi, amene anabwerera kwawo kumpoto. Mukawaimbira foni adzaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiye kuvomera. Yachitatu ndi amayi anu. Amenewo adzakana zonse, koma paja amakananso kuti ndinali wokongola pa unyamata pomwe chithunzi chili pakhomapo. Mboni yachinayi inali ng'ombe ya anganga anu aNangondo, dzina lake Matipate, imene inamva zonse ndi makutu ake. Imeneyo munaidya nokha pa ukwati wa Chikondi, ndiye ngati umboni wake ukusowa, mlandu ndi wanu.

Ndamva kuti mwapangana zozula phata la nsenjere lili kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Chinamwali kuti mumangepo kashopu, ati limayabwa zidzukulu. Werengani kaye izi. Makasu sathawa.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate

Ndinalembedwa ntchito m'chipinda chosungira zomera zouma. Ntchito yake inali kutenga masamba ndi maluwa, kuziyala pakati pa nyuzipepala zakale, kupanikiza ndi matabwa, ndi kusintha mapepalawo m'mawa uliwonse mpaka ziume. Chifukwa cha ntchito imeneyi ndinali munthu wowerenga kwambiri mu Zomba yense, kungoti nkhani zinkandipeza zitagonera zaka. Tsiku lina m'minibasi ndinadandaula mokweza kuti shuga wakwera, n'kutchula mtengo wake watsopano umene ndinali nditawerenga m'mawa womwewo. Mayi wina anandigwira malaya nati, “Bambo, simutsika mpaka mundisonyeze golosale yake.”

Kenako ananditumiza pamwamba pa phiri kukayang'anira kanazale ka zomera zachilengedwe, pakati pa nkhalango za paini. Kumeneko chifunga cha mwezi wa Juni chinkakhuthala moti ndinkatsamiritsapo njinga. Tsiku lina chinachoka mwadzidzidzi, njinga n'kugwa. Hendulo yopindika ija mumaiseka ndi yomweyo, pitani mukaione. Koma pali china chimene ndinaona kumeneko chosaseketsa. Chaka ndi chaka udzu wachilengedwe unkachepa. Pamwamba paini ankauphimba ndipo moto unkamaliza wotsala, pomwe kumunsi m'mbali mwa mitsinje, mmene nsenjere inkamera yokha, munasanduka madimba a kabichi ndi tomato. Sindinadandaule kwambiri. Ndinkati udzu ndi udzu, sungathe m'dziko.

Kuphiri komweko ndi kumene ndinaonana ndi amayi anu, akugulitsa mabulosi kwa alendo. Ndinagula mabulosi kwa miyezi yambiri mpaka lilime linasintha mtundu, kenako tinakwatirana. Mudzi wawo mukuudziwa, uli m'munsi mwa phiri, ulendo wa njinga kuchokera pano. Ngakhale tinkakhala m'tauni chifukwa cha ntchito, kumudziko ine ndinali mkamwini, ndipo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana mwachindunji, akakumana panjira wina amapatukira patchire. Anzanga ambiri anathetsa manyazi amenewa mwana woyamba atangobadwa, wina ndi nkhuku, wina ndi chitenje. Ife ayi. Ine ndinkadikira kuti ayambe iwo chifukwa ndi aakulu, iwo ankadikira kuti ndiyambe ine chifukwa ndine wobwera. Munabadwa nonse tikudikirabe.

Mwayi unabwera pamene anganga anu analandira ng'ombe ya mkaka ndi kuitcha Matipate, ati chifukwa inabwera ndi ufulu wothira mkaka mu tiyi. Kuyambira pamenepo tinapeza mkhalapakati. Ndikafika, ndinkaima mbali ino ya khola, iwo mbali inayo.

“Matipate, uwafunse a bambo a Chikondi ngati kutauni kwacha.”

“Matipate, uwauze amayi kuti kwacha, koma denga likudontha.”

“Matipate, uwauze kuti denga silidontha kwa munthu amene amafika pakhomo dzuwa lisanalowe.”

Ng'ombe inkangobzikula. Inadziwa za banja lathu kuposa ankhoswe.

Zaka zimene foni ya m'manja inafika kwa aliyense

Nditabwerera ku siteshoni, kunafika Dokotala Nyirongo, mayi wamfupi woyenda ngati wasiya mkaka pamoto, ali ndi makatoni a makina. Anandisankha kukhala wowathandiza. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, “A Makwinja, nsenjere mumaidzala bwanji?” Ndinati timadula phesi n'kulizika pansi. “Ndiye phata latsopanolo ndi mwana wa lakale lija?” Ndinati eya. Iwo anati ayi, si mwana, ndi lomwelo, langosamuka. Anati anthu onse akadzala mapesi ochokera pa phata limodzi, ndiye kuti boma lonse lili ndi udzu umodzi wokha, ndipo matenda kapena chilala chimene chingagonjetse phata limodzi chigonjetsa onse nthawi imodzi, ng'ombe n'kutsala zikunyambita mitengo ya khola. Anati udzu nawo uli ndi ziwongo ngati anthu, ndipo ntchito yathu ndi kupeza kuti mwa nsenjere ya makolo imene alimi anasunga m'makomo mwatsala ziwongo zingati, kuti tizidzale m'munda wa siteshoni zisathe.

Kayezedwe kake kanali kotere. Timathyola tsamba lanthete, kuliumitsa, kulisinja m'kamtondo kakang'ono ngati kosewerera ana, kuthira mankhwala, kuika m'makina, ndipo pamapeto pake pamatuluka chithunzi cha timizere. Udzu wapachibale umatulutsa timizere tofananako, wachilendo tosiyana, ndipo ngati ndi phata limodzi lomwelo timizere timafanana ndendende. Kumeneko ndiko kuyeza DNA. Vuto linali lakuti mawu amenewa anthu anali atawamva kale pa wailesi pa nkhani zokana mimba. Mbiri itafika ku Chinamwali kuti a Makwinja akuyeza DNA, amuna ena anayamba kundipatsa moni wa manja awiri, amayi ena anasiya kudutsa pakhomo pathu ndi ana. Mkulu wina wa ku Zakazaka anandipeza pamsika n'kundinong'oneza za mwana wake wachisanu amene ati anali ndi makutu a telala. Ndinamuuza kuti ife timayeza udzu wokha. Anaganiza pang'ono nati, “Chabwino. Ndibweretsa udzu umene wagonapo.”

Dokotala ankaphunzitsanso komanso ankakonza labotale, ndiye ntchito yotolera nsenjere m'midzi inali ya ine ndi a Matola. Ana anga, sindinalemekezedwepo ngati nthawi imeneyo. Galimoto ya boma ikaima pakhomo, mpando unkatuluka, nkhuku zinkathamangitsidwa, ana ankapukutidwa mamina. Tikamaliza malonje ndinkati, “Mayi, tabwera kudzapempha nsenjere ya pakhomo pano.” Mayi ankati, “Khalani pomwepo, bwana,” n'kutenga chikwakwa n'kuzungulira kuseri. Pobwera ankanyamula mapesi onenepa, osalala, obiriwira ngati opaka mafuta, n'kugwada, n'kupereka ndi manja awiri. Ife tinkalandira ndi manja awiri. Munthu woleredwa bwino sazungulira kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo mphatso saitembenuza ngati akugula. Ngakhale kwa anganga anu zinayenda chimodzimodzi. Ndinapempha kudzera kwa Matipate, mapesi anaikidwa pafupi ndi khola, ndinathokoza kudzera kwa Matipate yemweyo.

Munda wathu unadzaza. Mzere uliwonse unali ndi kachikwangwani ka dzina la mudzi, ena a kufupi ndi Domasi, ena a njira ya ku Jali, ena a kuseri kwa phiri. Nsenjere yonse inakula msinkhu umodzi, mtundu umodzi, ngati asilikali pa perete. Ine ndinkanyadira. Dokotala ankaima n'kuiyang'ana atagwira chibwano, koma sankanena kanthu, chifukwa mankhwala oyezera anali asanafike ndipo iwo sankakonda kulankhula asanayeze.

Chaka chimene mafuta anasowa

Mankhwalawo anafika chaka chovuta chija. Inu aakulu mukukumbukira mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta. A Matola anaima pamzere nthawi yaitali moti mbalame inamanga chisa pa galasi la galimoto, kuikira mazira, kuswa, ana kuuluka, ndipo mmodzi mwa anawo anabweranso kudzamanga chake. Ndikanama, njinga yanga iphwe matayala onse awiri. Magetsi nawo ankangobwera kudzapereka moni. Komabe Dokotala anadikira masiku amene magetsi anaiwala kuzima, tinasinja masamba, makina anazungulira, chithunzi chinatuluka. Timizere tonse tinali tofanana, kuyambira mudzi woyamba mpaka womaliza. Anabwereza. Tofanana.

Bwana wamkulu wa siteshoni tinkamutcha a Mwachidule, chifukwa ankayamba ndi mawu amenewa kenako n'kulankhula mpaka tiyi kuzizira ndi kumera ndere. Sanali munthu woipa. Anali ndi magalimoto ogona pamvula ndiponso ndalama yomangira garaja imene inayenera kugwiritsidwa ntchito chaka chisanathe. Atationetsa mapu a siteshoni anati, “Mwachidule, Dokotala, ngati udzu wonsewu ndi munthu mmodzi, n'chifukwa chiyani tikumupatsa nyumba zambirimbiri? Sungani phata limodzi mu ndowa. Pamundapo timangapo garaja. A Matola, thirakitala ikangopeza dizilo mukalime.” Tanthauzo lake tonse tinalimva. Munda ukatha, ku likulu kukanapita mawu akuti nsenjere ya makolo kulibenso, ndipo palibe amene akanaifunafunanso. Chimene chinkatchinga chinali chimodzi basi, thanki youma ya thirakitala. Ndikhulupirira kuti m'dziko lonse anthu amene ankapemphera kuti dizilo asabwere tinali awiri, ine ndi Dokotala.

Masana omwewo Dokotala anatiitana ine ndi a Matola. Anati, “Udzu wa midzi yotalikirana chonchi sungakhale phata limodzi pokhapokha wina anachita kuugawa. Tandifotokozerani mmene munkadulira.”

A Matola anakhumudwa. “Kudula ife, Dokotala? Ife tinali alendo.”

“Ndiye ankadula ndani?”

“Eni khomo,” ndinatero ine. “Ife tili pampando. Kwina mpaka thobwa.”

“Pamene ankadulapo munkapaona?”

“Kuseri kwa nyumba ya eni, Dokotala? Ife tinaleredwa.”

Anaika mutu patebulo, mapewa akugwedezeka. Tinkayesa akulira, koma ankaseka, kenako zinaoneka kuti akuchita zonse ziwiri. Atadzuka anati, “Anakupatsani ya alangizi.” Anatikumbutsa kuti nthawi imene ng'ombe za mkaka zinkagawidwa, alimi ankapatsidwanso mapesi a nsenjere yosalala, yokula msanga, imene anthu anaitcha ya boma, ndipo yonseyo inachokera pa phata limodzi. Mlendo samuphera nkhuku yodwala. Mayi aliyense, poona bwana wa galimoto, anasankha udzu wooneka bwino pakhomo pake. Tinayenda boma lonse kutolera udzu wa boma n'kuubwezera kwa boma.

Nditafika kunyumba ndinafotokozera amayi anu. Sanadabwe n'komwe. “Mumafuna chiyabwe? Bwanji osanena?” Anati pafupifupi mayi aliyense woweta ali nayo nsenjere yakale, yoonda, yaubweya, yoyabwa ngati mbozi ija ya chiyabwe, ndipo imakhala kuseri kwa bafa kumene madzi osamba amapita. Mu Okutobala ya boma ikauma, ng'ombe zimadya imeneyo. Koma palibe amene angaionetse kwa mlendo, chifukwa anthu anauzidwa kuti ndi udzu wa amphawi, woyenera kuzulidwa.

“Ndiye mawa mukadule kwa amayi,” ndinatero.

“Ine? Akangomva kuti ikupita ku ofesi ya mkamwini wawo andipatsa yosalala yomweyo. Komanso amene amalipidwa chifukwa cha udzu ndi inu, ine ndimangochapa malaya ake.”

Dokotala anakwera kabaza kupita okha. Anganga anu anawalandira ndi tiyi wa mkaka wokhuthala, nati, “Chiyabwe? Pakhomo pano? Kapena kwa aneba.” Aneba onse anayankha chimodzimodzi, chifukwa aNangondo anali tcheya wa gulu la alimi a mkaka, ndipo chimene tcheya alibe, mamembala sangakhale nacho. Dokotala anabwera ali fumbi lokhalokha nati, “A Makwinja, kwathu mwamuna sakhala kwa mkazi, zinthu izi sindizidziwa. Koma ndaona kuti khomo limeneli kiyi wake ndi inu.”

Pa ntchito yanga yonse palibe chimene chinandilemera ngati chimenechi. Zinthu zake zinali zitatu, ndipo chilichonse pachokha chinali chokwanira kuitanitsa ankhoswe: kukana mphatso ya apongozi, kuwalankhula mwachindunji, ndi kupita kuseri kwa bafa lawo, malo amene mkamwini sayenera ngakhale kudziwa kuti alipo. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Minda imene mumadya chimanga chake ili kumudzi komweko, ndipo mayi amene ndinakhala ndikuwalemekeza kuyambira ndisanamere imvi akanatha kundiona ngati munthu wopanda mwambo moyo wawo wonse. A Matola anandilangiza kuti, “Achimwene, udzu ulibe maliro. Apongozi ali ndi maliro, ndipo mudzafuna kukhalapo.” Koma pomaliza anawonjezera motsitsa mawu kuti amva zoti thanki ya dizilo yanyamuka ku Blantyre. Ndinakumbukira mitsinje ija imene ndinaiona ikuvula nsenjere ine n'kumati udzu sungathe. Loweruka m'mawa ndinakweza amayi anu pa kaliyala, nkhuku m'basiketi, n'kuyamba kupalasa.

Tinapeza anganga anu akukama. Ndinaima mbali yanga ya khola.

“Matipate, uwauze amayi kuti ndabwera kudzapemphanso nsenjere.”

“Matipate, uwafunse ngati ku boma ayamba kuidya.”

Anamaliza kukama, anapita, anabwera ndi mapesi osalala, n'kuwaika bwinobwino pafupi ndi khola ndi manja awiri. Ine sindinawatole. Ndinavula chipewa, ndinazungulira khola, ndinanjuta patsogolo pawo, ndinakweza maso. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti anganga anu ali ndi kampata kumano ngati ka amayi anu, kamene kanandigulitsa mabulosi.

“Amayi,” ndinatero.

Amayi anu anagwetsa basiketi, nkhuku n'kuthawa. Matipate anasiya kubzikula.

“Amayi, zikomo, koma iyi sinditenga. Ndikupempha chiyabwe cha kuseri kwa bafa, ndipo ndikufuna ndikathyole ndekha.”

Anganga anu anatembenukira kwa ng'ombe. “Matipate, iwe wamva zimene ndamvazi, kapena ndi ukalamba?”

“Mwamva bwino, amayi.”

“Matipate, uwafunse ngati amwa.”

“Tiyi yekha, amayi.”

“Ndiye uwafunse ngati akufuna akandiseketse ku boma, kuti aNangondo, tcheya wathunthu, amadyetsa ng'ombe udzu wa amphawi. Uwafunsenso kuti kwawo anawaphunzitsa kuti mphatso imabwezedwa?”

Ndinali nditalowa kale m'madzi. Ndinati, “Amayi, ya boma ija ilibe abale. Ndi mwana mmodzi yekha wadzaza midzi yonse. Tsiku limene adzadwale, Matipate adzadya chiyani?”

“Matipate, uwauze kuti udzadya zimene umadya mu Okutobala. Asakufunse ngati sukudziwa.”

“Zimenezo ndiye tikufuna tisunge. Tikapanda kuzipeza, munda wathu aulima, ndipo ku likulu akalemba kuti nsenjere ya makolo kuno kulibe.”

Kenako anafunsa ng'ombe ndi mawu ena, otsika. “Akalemba kuti kulibe? Udzu umene anadzala amayi anga ndi manja awo, atanyamula phesi pamutu kuchokera kwawo? Matipate, ndani ameneyo akalembe kuti kulibe?” Anaimirira, anakwezera chitenje, anapita kuseri. Tinamva akuchotsa zinthu, ndowa, sopo, mwala wotsukira mapazi, zina zimene mkamwini satchula. Atabwera anauza ng'ombe kuti, “Uwauze apite.”

Phatalo linali lalitali kuposa denga la bafa, loonda, losokonekera ngati tsitsi la munthu wodzuka kumene, koma lobiriwira pomwe zonse zinali zitayamba kuuma. Ndinalowamo kufuna masamba anthete a pakati. Ana anga, dzina lija silinaperekedwe mwangozi. Ndinatuluka ndikukanda khosi, mikono, msana, malo ena amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Galu wa pakhomo, katswiri wa ntchito imeneyi, anakhala pansi n'kumandiyang'ana kuti aphunzire. Ndiye ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

“Musakande, bambo a Chikondi. Chimakwiya.”

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna ng'ombe. Inali kutali kukhola. Mawuwo anali a anganga anu, ndipo ankalankhula ndi ine.

Anandipatsa madzi ndi phulusa kuti ndipake, kenako anandigwira dzanja la malaya n'kuyamba kundiyendetsa mudzi wonse. Pakhomo lililonse ankati, “Tsegulani kuseriko, mkamwini wanga akufuna chiyabwe.” Amayi ankabisa nkhope m'chitenje, koma poti tcheya anali atavomera kuti ali nacho, zinapezeka kuti onse ali nacho. Masiku otsatira ndinayenda pa njinga kwa abale a mamembala m'midzi ina, uthenga wa aNangondo utanditsogolera. Mabafa amene ndinawaona kuseri kwake palibe mwamuna wina mu Zomba amene anawaonapo n'kukhalabe ndi mano. Ndipo ngakhale ndi maso zinkaoneka kuti si udzu umodzi. Wina unali ndi mapesi ofiirira, wina waufupi wothinana, wina woyabwa pang'ono, wina woyabwa ukangouganizira.

Masamba atangouma, dizilo anafika. A Matola analowa pachipata atanyamula chigubu ngati anyamula maliro. Magetsi anali atasowa masiku angapo, ndiye makina athu sakanatha kuyenda popanda jenereta, ndipo dizilo pa siteshoni yonse anali yekhayo wa thirakitala. Dokotala anavala jekete n'kupita kwa a Mwachidule, ine pambuyo pawo ndikukanda.

“Bwana, tibwerekeni dizilo ameneyu ku jenereta. Timizere tikafanananso, thirakitala ndiyendetsa ndekha.”

“Mumatha kuyendetsa thirakitala, Dokotala?”

“Ayi. Ndiye mudzakhala ndi choonera.”

A Mwachidule anaseka, anayang'ana mikono yanga yotupa, nafunsa kuti chandiluma n'chiyani. Ndinati ntchito, bwana. Anati titenge.

Jenereta inalira tsiku lonse. Ine ndinasinja mpaka dzanja linaiwala kuti linapangidwira zina. Chithunzi chitatuluka, Dokotala anangochitembenuzira kwa ine. Timizere tinali titabalalika ngati anthu pa msika wa Chinamwali mvula ikayamba, tina pamwamba, tina pansi, tina awiriawiri. Ziwongo zinalipo zambiri, ndipo cha anganga anu chinali pachokha, chosafanana ndi china chilichonse, zimene sizinandidabwitse. A Mwachidule atachiona anati, “Mwachidule,” ndipo pamene ankamaliza, nsenjere panja inali itakula chikhatho chimodzi. Koma m'kati mwa mawu onsewo munali akuti garaja akaimanga kuseri kwa nyumba yosungira katundu.

Mvula itagwa tinazula tokha mizere ya asilikali ija ndi makasu, kusiyapo umodzi, poti nayo ndi udzu wabwino ndipo mlendo sathamangitsidwa. M'malo mwake tinadzala chiyabwe, ndipo Dokotala analamula kuti pa zikwangwani tilembe mayina a amayi amene anachisunga. Munda umenewo ndi wosaoneka bwino kuposa minda yonse ya pa siteshoni. Ulipo mpaka lero, ndipo chaka chouma alimi amabwera kudzapempha mapesi, atavala malaya a manja aatali.

Ine chimene ndinapindula ndi chakuti anganga anu, atayamba kundilankhula, sanasiyenso. Zonse zimene anasunga zaka zonse zija zinatuluka, kuyambira za suti yobwereka imene ndinavala pa ukwati. Matipate anachotsedwa ntchito, ndipo ndikhulupirira kuti ndi chifukwa chake ananenepa chotero.

Chaka chimene ndinapuma

Ku siteshoni ananditsanzika bwino, ndi zakumwa ndiponso mawu achidule. Patapita masiku angapo ndili pakhonde pano, osadziwa chochita ndi manja anga, ndinaona kabaza akukwera kamtunda kathu movutika. Kumbuyo kunali anganga anu, ndodo m'dzanja, pamiyendo atagoneka mtolo wokulunga m'thumba la feteleza. Anatsika, anakangana ndi wakabaza za mabampu, kenako anafika pamene ndinakhala. Ndinaimirira n'kutambasula manja awiri kuti ndilandire. Iwo sanagwade, sanapereke. Anangouponya mtolowo pamapazi anga ndi dzanja limodzi, ngati mmene amaponyera amayi anu nkhuni. Thumba linamasuka, ndipo khosi langa linayamba kuyabwa ndisanakhudze n'komwe.

“Mwapuma eti? Ndiye pezani chochita. Mudzale kuseri kumene kumapita madzi.”

Ndinati, “Amayi, chiyabwe? Tsiku lalikulu ngati ili osandipatsako yosalala?”

Anakhala pampando wanga, n'kuika ndodo pambali. “Yosalala timapatsa alendo,” anatero. “Uzani mkazi wanuyo atereke tiyi.”

Phata limene mukufuna kuzula ndi limenelo. Ngati maganizo anu sanasinthe, makasu ali kuseri kwa chitseko cha khitchini. Kungoti anganga anu ali moyo, kabaza amamudziwa, ndipo masiku ano salankhulanso kudzera kwa ng'ombe.